Kodi hini wa m'Baibulo ndi malita angati?

Funso: Ndimatsogolera phunziro la Baibulo la amayi kumpingo kwathu. Tili m'buku la Eksodo, ndipo pa mutu 29 ndime 40 Baibulo langa, lakale lija, likunena za gawo limodzi mwa magawo anayi a hini wa mafuta ndi wa vinyo. La mnzanga likungoti lita imodzi. Mwana wanga atandifufuzira pa intaneti anapeza kuti ena akuti hini ndi malita 3.7, ena akuti ndi oposa 6, enanso akuti sakwana n'komwe lita. Kodi amayi anzanga ndiwauze ziti?

Yankho: Mayi, zikomo kuti simunadumphe ndimeyi. Ambiri akafika pa miyeso ya m'Baibulo amangothamangitsa maso kuti akafike pamene pali nkhani, chonsecho nthawi zina nkhaniyo imakhala m'muyesomo.

Amayiwo auzeni kuti hini anali muyeso umene Aisraeli ankayezera mafuta, vinyo ndi madzi, ndipo m'nthawi ya mafumu ndi aneneri unkakwana malita atatu ndi theka mpaka anayi. Akafuna nambala imodzi, nenani 3.7. Kota ya hini ndiye kuti ikuperewera pang'ono pa lita, choncho Baibulo la mnzanuyo silinakusocheretseni. Omasulira anatenga nambala yapafupi imene wowerenga wa lero angaione m'maganizo. Koma dziwani kuti 3.7 imeneyi ndi yoyerekeza. Chimene tili nacho chokhazikika ndi mmene miyesoyi inkalowerana, kuti wakutiwakuti amalowa kangati mwa mnzake. Malita ndi athu a lero, ndipo tawafikira pochita kulondola mapazi.

Nambala yaing'ono ija, yosakwana lita, ndi ya ku Igupto. Aigupto anali ndi muyeso wa dzina lomweli, wokwana pafupifupi theka la lita, ndipo mitsuko yawo ina yapezeka italembedwa kunja kuti mumalowa mahini angati. Umenewo si wa m'buku la Eksodo. Ngati kota ya hini ikanakhala yotengera wa Aigupto, nsembe yachakumwa ikanangokhala makamwa awiri a vinyo, ndipo madzi a tsiku lonse a Ezekieli, amene ndikamba pansipa, sakanamufikitsa sabata ali moyo. Imeneyo isiyeni. Mkangano weniweni uli pakati pa 3.7 ndi 6.5.

Baibulo lokha limatiuza zochepa. Pa Ezekieli 45:11 mneneri akuti efa ndi bati akhale ofanana, aliyense akhale gawo limodzi mwa magawo khumi a homeri. Efa anali wa zouma monga ufa ndi tirigu, bati anali wa zamadzimadzi. Pa ndime 14 akuwonjezera kuti mabati 10 ndiwo kori, ndipo kori ndi chimodzimodzi homeri. Zathera pomwepo. Palibe ndime imene imanena kuti mahini angati amadzaza bati. Olembawo sanaone chifukwa cholembera, poti mwana aliyense wotumidwa kukagula mafuta ankadziwa kale.

Amene anatisungira zotsalazo ndi Ayuda a pambuyo pake. Woyamba ndi Josephus, wolemba mbiri wobadwa m'chaka cha 37 AD m'banja la ansembe ku Yerusalemu, amene anaona Kachisi ndi maso ake Aroma asanamugwetse mu 70 AD. Achiwiri ndi arabi, aphunzitsi a chilamulo cha Ayuda, amene ziphunzitso zawo zinasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Mishnah cha m'ma 200 AD. Tikaphatikiza mawu awo timapeza kuti panali muyeso waung'ono wotchedwa logi, ndipo malogi 12 ndiwo hini mmodzi, mahini 6 ndiwo bati mmodzi, ndiye kuti m'bati muli malogi 72. Pamfundo imeneyi ndilibe nkhawa, chifukwa ikugwirizana bwino ndi chilamulo cha Mose chenichenicho.

Taonani Numeri 15:4-10. Wopereka mwanawankhosa abweretse ufa wosakaniza ndi kota ya hini wa mafuta, ndi kota ya hini wa vinyo. Wopereka nkhosa yamphongo abweretse gawo limodzi mwa magawo atatu. Wopereka ng'ombe yamphongo abweretse theka. Nyama ikakula, ufa, mafuta ndi vinyo zimakulanso. Tsopano muyeso umene ukufunika kuugawa pawiri, patatu, panayi, ndiponso pasanu ndi kamodzi monga pa Ezekieli 4:11, uyenera kukhala ndi magawo 12 kuti pasatsale zidutswa. Zikatero mwanawankhosa atenga malogi 3, nkhosa yamphongo malogi 4, ng'ombe malogi 6, ndipo manambala amenewa ndi omwewo amene Mishnah imatchula. Wansembe sankafunika kuwerengetsera pansi ndi chala. Ankangotenga chikho choyenera nyamayo.

Zikho zimenezi arabi anazikumbukira. M'gawo la Mishnah lotchedwa Menachot akuti m'Kachisi munali zoyezera zamadzimadzi 7: cha hini, cha theka la hini, cha gawo limodzi mwa atatu, cha kota, kenako cha logi, cha theka la logi ndi cha kota ya logi. Rabi wina, Eliezer bar Tzadok, ananena kuti chotengera cha hini chinali ndi mizere m'kati, wina wosonyeza polekezera pa ng'ombe, wina pa nkhosa yamphongo, wina pa mwanawankhosa. Rabi Shimon anatsutsa kuti cha hini wathunthu kunalibe, poti panalibe nsembe ya tsiku ndi tsiku yofuna hini wathunthu. Malo omwewo akuti choikaponyale chinkatenga malogi atatu ndi theka a mafuta, theka la logi pa nyale iliyonse mwa nyale 7 zija. Ine ndimakonda kuwerenga zimenezi chifukwa zimandionetsa Kachisi ngati malo a ntchito: munthu wadzuka mbandakucha, wanyamula mtsuko, akuthira mafuta mosamala mpaka pamzere.

Tsopano malita. Pali njira ziwiri zimene akatswiri adutsamo, ndipo sizifika pamalo amodzi.

Njira yoyamba ndi ya Josephus. Iye ankalembera Agiriki ndi Aroma, choncho ankawafotokozera miyeso ya kwawo poifanizira ndi yawoyo. M'buku lake la mbiri ya Ayuda, limene anamaliza cha m'ma 93 AD, akuti hini ndi ofanana ndi miyeso iwiri ya ku Athens yotchedwa chous, ndipo bati ndi ofanana ndi miyeso 72 yotchedwa xestes. Miyeso ya Agiriki ndi Aroma imeneyi timaidziwa bwino: chous anali malita oposa pang'ono 3.2, xestes anali oposa pang'ono theka la lita. Tikawerengetsa, hini akukwana malita pafupifupi 6.5, bati pafupifupi 39. Mabuku ambiri akale ofotokoza Baibulo anatsata Josephus, n'chifukwa chake nambala imeneyi ikadali ponseponse pa intaneti.

Njira yachiwiri ndi ya mapale. Akatswiri ofukula zakale atayamba kukumba mizinda ya ku Yuda, anapeza zidutswa za mitsuko zolembedwa m'Chiheberi chakale. Ku Tell Beit Mirsim, kumene William F. Albright wa ku America anakumba pakati pa 1926 ndi 1932, kunapezeka phale lolembedwa kuti bati. Ku Lakisi, mzinda umene Senakeribu mfumu ya Asuri anauwononga mu 701 BC, gulu la James Starkey wa ku Britain, limene linakumba kumeneko kuyambira 1932 mpaka 1938, linapeza kumtunda kwa mtsuko kolembedwa kuti bati wa mfumu. Tsoka lake mitsukoyi sinapezeke yathunthu. Munthu amayenera kuyang'ana kukamwa ndi mapewa a mtsuko, n'kuyerekeza mimba yake ndi pansi pake. Woyamba kuyesa kuyerekeza wa ku Lakisi anapeza malita pafupifupi 45, chifukwa anauona ngati umodzi mwa mitsuko ikuluikulu ya m'nthawi ya mfumu Hezekiya, ija yokhala ndi chidindo cha mfumu pa zogwirira zake, imene imalowadi malita pafupifupi 45. Albright anati ayi, mtsuko wolembedwa bati uja ndi wocheperapo, pafupifupi theka la ikuluikuluyo, ndipo anaika bati pa malita 22. Gawani 22 pa 6, mupeza 3.7. Gawaninso pa 12, mupeza kuti logi ndi mamililita pafupifupi 300. Mabaibulo ambiri a masiku ano, pamodzi ndi mawu awo am'munsi, aimira pa nambala ya Albright.

Ine ndili kumbali ya mapale pa nkhani ya Chipangano Chakale, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mapalewo ndi a m'nthawi yomwe Yesaya ndi Mika anali moyo, pamene Josephus anabwera patapita zaka zoposa 700, Ayuda atalamulidwapo ndi Ababulo, Aperisi, Agiriki ndi Aroma, aliyense ndi miyeso yake pamsika. Chachiwiri ndi chithanki chamkuwa cha m'Kachisi wa Solomoni, chimene Aheberi ankachitcha nyanja. Pa 1 Mafumu 7:23-26 tapatsidwa zonse ziwiri, kukula kwake ndi madzi olowamo: mikono 10 kuchokera mlomo wina kufika mlomo wina, mikono 5 kutalika, ndipo munkalowa mabati 2,000. Ngakhale titatenga mkono wautali wa masentimita 52, n'kunena kuti chithankicho chinali choongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, mungalowe malita pafupifupi 55,000 basi. Mabati 2,000 a malita 22 ndi malita 44,000, ndipo akukwanamo. Mabati 2,000 a Josephus ndi malita 78,000, ndipo sangalowe. Wina akhoza kunena kuti mwina chinali chotukuka pamimba, ndipo 2 Mbiri 4:5 imatchula mabati 3,000 m'malo mwa 2,000, zimene zasautsa omasulira kuyambira kale. Komabe umboni wa m'buku la Mafumu ukupendekera ku bati wamng'ono.

Izi sizikutanthauza kuti Josephus ananama. Miyeso inkakula ndi nthawi, ndipo Ayudawo ankadziwa. Arabi ankasiyanitsa muyeso wa m'chipululu, wa ku Yerusalemu ndi wa ku Sepphoris, mzinda wa ku Galileya. Mishnah imati miyeso 5 ya ku Yerusalemu ndi yofanana ndi 6 ya m'chipululu, ndipo Talmud, buku lina la arabi lofotokoza Mishnah, imawerengetsa m'mazira: muyeso wotchedwa seya unali mazira 144 m'chipululu, 173 ku Yerusalemu, 207 ku Sepphoris. Dzina limodzi, kukula kutatu. Masiku ano pali akatswiri ena a pa Tel Aviv University, Oded Lipschits ndi anzake, amene analemba mu 2010 kuti m'nthawi ya mafumu bati mwina linali dzina la mtsuko wodziwika wosungiramo mafuta ndi vinyo, osati muyeso wokhazikika mpaka pa dontho. Ena sanavomereze. Koma aliyense amene anaonapo woumba mbiya akugwira ntchito ndi manja akudziwa kuti mitsuko iwiri singafanane ndendende, n'chifukwa chake sindifuna kuti mukanganirane ndi munthu pa 3.6 kapena 3.8.

Nkhani ya mazirayi ikadalipo mpaka lero. Arabi anati logi ndi mazira 6, ndiye kuti hini ndi mazira 72. Ayuda osunga mwambo amagwiritsabe ntchito kota ya logi: ndi madzi ochepetsetsa osambira m'manja asanadye buledi, ndiponso ndi vinyo woyenera kukhala m'chikho cha Sabata ndi m'zikho zinayi za Pasika. Koma dzira lake ndi la nkhuku iti, ya nthawi iti? M'zaka za m'ma 1900 arabi awiri otchuka anasiyana. Chaim Naeh anaika kota ya logi pa mamililita 86, pamene rabi wodziwika ndi dzina lakuti Chazon Ish anaiika pa mamililita pafupifupi 150. Potsata woyambayo hini ndi malita oposa pang'ono 4, potsata wachiwiriyo ndi oposa 7. Eni ake chilamulocho, amene sanasiyepo kugwiritsa ntchito miyesoyi, ali ndi manambala awiri.

Tibwerere ku ndime yanu ija. Eksodo 29:38-42 ikunena za nsembe ya tsiku ndi tsiku: anaankhosa awiri a chaka chimodzi, wina m'mawa, wina madzulo, aliyense ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a efa wa ufa wosalala, kota ya hini wa mafuta ndi kota ya hini wa vinyo. Mafutawo anali opera, ndiye kuti zipatso za olivi zinkasinjidwa mumtondo mafuta n'kumadontha okha, osati ofinya ndi mwala wolemera. Anali apamwamba koposa, omwewo a m'nyale za m'chihema. Pa tsiku ndiye kuti theka la hini wa mafuta ndi theka la hini wa vinyo, pafupifupi malita awiri chilichonse. Zikuoneka zochepa, koma pa masiku 365 ndi malita pafupifupi 670 a mafuta ndi enanso 670 a vinyo, osawerengera za Sabata, za mwezi watsopano ndi za zikondwerero. Tsiku loyamba lokha la chikondwerero cha misasa, malinga ndi Numeri 29:13, linkafuna ng'ombe 13, nkhosa zamphongo 2 ndi anaankhosa 14. Tikatsata muyeso wa nyama iliyonse, vinyo wake akuposa mahini 10, pafupifupi malita 39. Tirigu, vinyo ndi mafuta ndizo zinali zokolola zazikulu za dziko lija, ndipo chilamulo chinaonetsetsa kuti zonse zitatu zifike paguwa pamodzi ndi nyama. Mlimi wa mpesa ndi mlimi wa olivi anali ndi gawo pa nsembe mofanana ndi woweta nkhosa.

Mukangotsegula tsamba lotsatira mukumananso ndi hini, tsopano wathunthu. Pa Eksodo 30:23-25 Mose akulamulidwa kupanga mafuta odzozera opatulika: mure wolemera masekeli 500, sinamoni 250, nzimbe yonunkhira 250, kasiya 500, ndi hini mmodzi wa mafuta a olivi. Amayi anzanuwo, poti ndi odziwa kuphika, aona vuto msanga. Sekeli anali magalamu pafupifupi 11.4, ndiye kuti zonunkhirazo zikukwana makilogalamu pafupifupi 17. Mukathira malita osakwana anayi a mafuta pa makungwa ndi mizu youma yochuluka chotero, mafuta onse amwedwa, simutsala ndi choti mudzozere Aroni. Arabi a mu Talmud anaiona nkhaniyi. Wina anati mizuyo inkawiritsidwa m'mafutamo, mnzake anayankha kuti mafutawo sangakwane ngakhale kupaka mizuyo, koma kuti ankayamba aiviika m'madzi, kenako n'kuthira mafuta pamwamba kuti akoke fungo, n'kuwayengula. Ndime 25 imanenadi kuti ikhale ntchito ya mmisiri wa zonunkhira. Yankho lachiwirili ndi lomveka kwa ine, ndipo vutoli silichoka ngakhale mutatenga hini wamkulu wa Josephus.

Logi, mng'ono wake wa hini, amapezeka m'mutu umodzi wokha m'Baibulo lonse, Levitiko 14, pa mwambo woyeretsa munthu amene wachira nthenda yapakhungu ija Mabaibulo athu amaitcha khate. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu munthuyo abwere ndi nkhosa, ufa ndi logi mmodzi wa mafuta. Wansembe athire ena mwa mafutawo m'chikhato cha dzanja lake lamanzere, aviike chala cha kumanja, awaze kasanu ndi kawiri pamaso pa Yehova. Kenako apake pa nsonga ya khutu lamanja la munthuyo, pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, ndi pa chala chachikulu cha phazi lamanja, pamene anapaka kale magazi a nsembe. Otsala m'chikhatomo awapake pamutu pake. Munthu amene wakhala kunja kwa msasa, wosakhudzidwa ndi aliyense, tsopano akugwiridwa ndi dzanja la wansembe kukhutu, kudzanja, kuphazi ndi kumutu. Ndipo mukawerenge ndime 21 ndi 22 pang'onopang'ono. Ngati munthuyo ndi wosauka, nkhosa zitatu zimatsika n'kukhala imodzi ndi njiwa kapena nkhunda ziwiri, ufa umatsika kuchoka pa magawo atatu kufika pa limodzi, koma logi wa mafuta satsika. Wosauka amadzozedwa ndi muyeso womwewo wa wolemera.

Ndime imene imandigwira mtima kwambiri pa nkhani ya hini ndi Ezekieli 4:9-11, ndipo ndi pano pamene kudziwa malita kumasintha kawerengedwe. Ezekieli anali wansembe amene anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo mu 597 BC pamodzi ndi mfumu Yehoyakini. Anzake a ku ukapoloko ankayembekeza kuti Yerusalemu sangagwe ndipo posachedwa abwerera kwawo. Mulungu anamuuza kuti atenge njerwa, ajambulepo mzinda wa Yerusalemu, auzinge ngati adani, ndipo agonere mbali yamanzere masiku 390. Chakudya chake chikhale buledi wosakaniza tirigu, barele, nyemba, mphodza, mapira ndi mbewu ina, monga amachitira munthu amene akukokolola zotsalira pansi pa nkhokwe iliyonse. Adye wolemera masekeli 20 pa tsiku, magalamu pafupifupi 230. Madzi amwe gawo limodzi mwa magawo 6 a hini.

Amenewo ndi malogi awiri, mamililita pafupifupi 600. Pa phunziro lanu mukatenge botolo la madzi ogula lija la mamililita 500, mukaliike patebulo, mukawauze amayiwo kuti ili ndi makamwa awiri apamwamba ndiwo madzi a munthu wamkulu kuyambira m'mawa mpaka m'mawa winawo, m'dziko la Babulo kumene dzuwa limaotcha koopsa. Thupi la munthu wamkulu limafuna malita awiri kapena kuposa. Mawu akuti amwe pa nthawi yake akusonyeza kuti madziwo ankawagawa, pang'ono tsopano, pang'ono nthawi ina, kuti afike madzulo. Wansembe amene anaphunzitsidwa kuyeza vinyo wa paguwa ndi hini, tsopano akuyeza nayo madzi a pakhosi pake. Tanthauzo lake lili pa ndime 16 ndi 17: anthu a mu Yerusalemu adzadya chakudya chochita kuyeza ali ndi nkhawa, adzamwa madzi ochita kuyeza ali ndi mantha. Zinachitikadi. Nebukadinezara anazinga mzindawo kwa nthawi yoposa chaka, ndipo unagwa mu 586 BC. Buku la Maliro limanena za lilime la khanda lokangamira kukhosi chifukwa cha ludzu, ndi za anthu ogula madzi awo omwe ndi ndalama. Ngakhale mutatenga hini wa Josephus, madzi a Ezekieli angopitirira pang'ono lita imodzi. Ludzu likhalapobe.

Pali ndime inanso imene sindikufuna muisiye. Levitiko 19:36 ikulamula masikelo oona, miyala yoyezera yoona, efa woona ndi hini woona, ndipo ikumaliza ndi mawu akuti Ine ndine Yehova Mulungu wanu amene ndinakutulutsani m'dziko la Igupto. Apa hini watuluka m'chihema, walowa mumsika. Lamuloli lili m'mutu womwewo umene uli ndi lamulo lokonda mnzako monga udzikondera wekha, ndi losagoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa. Deuteronomo 25:13-15 imafotokoza chinyengocho mmene chinkachitikira: munthu ankasunga miyeso iwiri m'nyumba, waukulu ndi waung'ono, wina wogulira, wina wogulitsira. Amosi 8:5 imadzudzula amalonda amene ankatopa ndi Sabata, akufuna lithe msanga kuti akachepetse efa ndi kukulitsa sekeli. M'dziko lopanda zoyezera za kufakitale, kumene mtsuko uliwonse unali woumba ndi manja, chinyengo chotere chinali chosavuta ndipo wogula analibe pogwira. Zimenezi amayi anzanuwo sindingawaphunzitse, akuzidziwa kuposa ine: ndowa yofutukula m'mbali imene wogula chimanga amabwera nayo m'mudzi nthawi yokolola, ndi mbale yoponda pansi imene imatuluka mu Januwale chimangacho chikamagulitsidwa. Kwa ine, kuti hini anali 3.6 kapena 3.8 si nkhani imene Mose akanaitaya nayo tulo. Chimene chilamulo chikufuna n'chakuti hini wogulira ndi hini wogulitsira akhale yemweyo, ndipo akhale yemwe wansembe akuthirira vinyo paguwa.

Mukamapitiriza kuwerenga mudzakumana kwambiri ndi bati, ndiye sungani malita 22 m'mutu. Pa Yesaya 5:10 mneneri akuchenjeza olanda minda ya anzawo kuti munda wa mpesa waukulu woti ng'ombe ziwiri zapagoli zingaulime masiku khumi udzatulutsa bati mmodzi yekha wa vinyo, ndipo homeri wa mbewu adzabereka efa, ndiye kuti wofesa adzakolola gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene anafesa. Pa 2 Mbiri 2:10 Solomoni akulonjeza antchito a Hiramu mfumu ya ku Turo mabati 20,000 a vinyo ndi 20,000 a mafuta, malita 440,000 chilichonse. Mabeseni 10 a m'Kachisi, pa 1 Mafumu 7:38, ankalowa mabati 40 lililonse, malita pafupifupi 880. Pa Ezara 7:22 mfumu ya Perisiya ikuika malire a zimene Ezara angatenge mosungira chuma: mabati 100 a vinyo, mabati 100 a mafuta, koma mchere wopanda muyeso.

Mukadzafika ku Chipangano Chatsopano musinthe nambala. Pa Luka 16:6, m'fanizo la kapitawo wosakhulupirika, wangongole woyamba akuti ali ndi ngongole ya mabati 100 a mafuta, ndipo kapitawo akumuuza kuti akhale pansi msanga alembe 50. Luka ndi Josephus anakhala m'zaka zofanana, pansi pa ulamuliro umodzi wa Aroma, choncho pamenepa bati wa malita 39 ndiye woyenera kumutsata. Ngongoleyo inali malita pafupifupi 3,900, ndipo kapitawo anafafaniza pafupifupi 1,950 ndi mzere umodzi wa cholembera.